Tsiku limodzi m'midzi ya Gascony ndi kulawa Armagnac

Ulendo umene ndinalipira kuti ndikaone midzi ya m'chigawo cha Gers, m'dera la Gascony kummwera chakumadzulo kwa France, ndi kulawa Armagnac, mowa waukali wotchezedwa kuchokera ku vinyo wa mphesa, unayambira m'tauni ya Condom m'mawa wina wozizira wa mwezi wa Novembala, ndipo tinali alendo asanu ndi mmodzi m'galimoto ya kampani ina yoyendetsa alendo. Ndalama zanga sizinapite pachabe, ngakhale kuti kagawidwe ka nthawi sikanandikhutiritse.

Tinaima koyamba ku Larressingle, kamudzi kozingidwa ndi linga la miyala la m'zaka za m'ma 1200, kamene munthu amakazungulira konse m'mphindi zochepa. Kuchoka apo tinafika ku Fourcès, kumene nyumba zinamangidwa mozungulira bwalo la mitengo, ndipo nyumbazo zili ndi makonde amene munthu angayendemo mvula ikugwa koma osanyowa. Apa ndi pamene ndinadandaula, chifukwa wotiperekeza anatipatsa theka la ola lokha, pamene mudziwu umafuna kuti munthu akhale pansi ndi kuuyang'ana modekha. Ku Montréal-du-Gers tinangodutsa, ndipo mabwinja a nyumba ya Aroma a ku Séviac, amene ali pafupi pomwepo, sitinawaone n'komwe.

Zonsezi ndinaziiwala titafika pa famu ina ya mphesa kufupi ndi Eauze, kumene banja lina limatcheza Armagnac. Tinapeza chotchezera cha mkuwa, chimene eni ake amachitcha alambic, chili pamoto wa nkhuni, ndipo fungo la vinyo wotentha linali litadzaza nyumba yonse. Mwini famuyo anafotokoza kuti kusiyana kwakukulu pakati pa Armagnac ndi Cognac, mowa wina wa ku France wofanana naye, kuli pa katchezedwe: Cognac amamutcheza kawiri, pamene Armagnac kawirikawiri amamutcheza kamodzi kokha, vinyo akulowa mosalekeza usana ndi usiku, ndipo n'chifukwa chake fungo la chipatso silithawa. Mowawo umatuluka woyera ngati madzi, ukali wake ukuposa maperesenti 52. Mtundu wofiirira umabwera pambuyo pake, ukakhala zaka m'migolo ya mtengo wa thundu ya malita pafupifupi 400, ndipo chaka chilichonse wina umauluka n'kuchepa, umene iwo amati ndi gawo la angelo. Anatchulanso mphesa zimene amalima, Ugni Blanc, Folle Blanche, Colombard ndi Baco, ndipo anakumbutsa monyadira kuti kale mu 1310 Vital du Four, mkulu wa mpingo ku Eauze, analemba za ubwino makumi anayi wa chakumwachi.

Kulawa kunayendetsedwa mwaulemu ndiponso mosathamanga. Tinayamba ndi Floc de Gascogne, amene ndi madzi a mphesa osakaniza ndi Armagnac, wotsekemera ndi wopepuka. Kenaka tinalawa Armagnac wa gulu lotchedwa VSOP, amene amakhala mumgolo zaka zosachepera zinayi, ndipo ndinamumva wolasa pakhosi. Womaliza anali wa zaka makumi awiri, ndipo ameneyu ndi amene anandigwira mtima, pakuti ukali wonse unali utafatsa, n'kutsala kukoma kwa zipatso zouma ndi vanila kumene kunakhalitsa m'kamwa. Tinalangizidwa kufumbata tambula m'dzanja kuti ifunde, ndi kusalowetsa mphuno mkati, chifukwa mpweya wa mowa umaphimba fungo lenileni. Malangizowa ndinawayesa pomwepo ndipo ndinaona kuti ndi oona.

Chakudya chamasana chinali nyama ya bakha yophikidwa m'mafuta ake omwe, ndi mbatata ndi buledi, chakudya cholemera chimene chimayenerana ndi chakumwa champhamvu chotere. Ndiyamikirenso woyendetsa galimoto, amene sanalawe ngakhale dontho, pakuti misewu ya kumeneko ndi yopapatiza ndi yokhotakhota.

Amene akufuna ulendo wotere asankhe miyezi yotchezera, makamaka Novembala kapena Disembala, chifukwa lamulo limafuna kuti kutcheza kuthe pofika pa 31 Malichi, ndipo wobwera m'chilimwe cha kumeneko, chapakati pa chaka, adzapeza alambic ili yozizira. Afunsenso asanalipire kuti mudzi uliwonse aupatsa nthawi yotalika bwanji, ndipo ngati n'kotheka apemphe midzi iwiri m'malo mwa itatu, umodzi mwa iwo ukhale Fourcès.