Miyezi 11 ndikuweta nsomba mu motorhome kuno ku UK, nazi zomwe ndaona

Ndinagula kathanki ka nsomba mu March chaka chatha, pano tili mu February, ndiye ndikuona kuti nthawi yakwana yoti ndinene chilungamo chake. Kwa amene simukundidziwa, ine ndi mayi akunyumba timakhala mu motorhome, galimoto yokhala ndi bedi, kitchini ndi bafa mkati momwemo, chifukwa ntchito yanga ndi ya makontrakiti oyendayenda ndipo lendi ya kuno imalasa mtima. Nsomba ilipo, ili moyo, ikudya bwino. Koma zomwe ndinkaopa poyamba si zomwe zinandivutitsa ayi.

Choyamba ndiulule kuti ine ndinkafuna mbuna, tinsomba tija ta m'miyala ya nyanja ya Malawi. Ndine mwana wa ku Nkhata Bay, ndiye tsiku lomwe ndinalowa mu shopu ya nsomba ku Kent n'kuona thanki yalembedwa Malawi cichlids, mkati muli tija tachikasu amati yellow lab, tomwe kwawo kwenikweni ndi kumiyala ya kufupi ndi kwathu komweko, mtima unangoti myuu. Tinsomba tomwe tinkangotidutsa posambira, kuno tili pa mtengo wa mapaundi eti! Koma masamu anakana. Mbuna ndi zandewu, zimafuna malo aakulu ndi miyala yambiri yobisalamo, thanki ya malita 200 kupita m'mwamba, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Muphatikize galasi, mchenga ndi miyala, mwafika cha m'ma 300 kg. Laisensi wamba yoyendetsera galimoto ya kuno imathera pa 3,500 kg galimoto ndi katundu yense, ndipo yathuyi tikakwera awirife, madzi akumwa, gasi ndi zovala, pamatsala pang'ono zedi. Ndinangomeza malovu n'kugula betta imodzi yaimuna yofiira, nsomba yochokera ku Thailand, ndi thanki ya pulasitiki yolimba ija ya acrylic ya malita 25. Madamu anaitcha Chambo kuti andiseke, dzina linakhazikika.

Za pamsewu ndi zomwe aliyense amafunsa, koma zimenezo tinazigonjetsa mwezi woyamba womwe. Ulendo woyamba ndinachita zachibwana, ndinangomanga thanki ndi malamba madzi ali odzaza. Pa roundabout yachitatu madzi anali pa matiresi, mwala wa mkati unasuntha n'kung'amba chipsepse cha Chambo, mayi osandiyankhula mpaka madzulo kkkk. Pano tikamanyamuka nsomba imalowa mu ndowa ya malita 10 yokhala ndi chivundikiro chobowola, ndowayo imakhala pansi mu bafa itazingidwa ndi mataulo, madzi ena a mu thanki ndimathira m'chigubu, mu thanki mumangotsala ochepa onyowetsa mchenga ndi zomera. Ndowa musamadzaze mpaka pakamwa chifukwa betta imakwera pamwamba kudzapuma mpweya, ndipo chivundikiro n'chofunika poti imadumpha. Siponji ya fyuluta imalowa mu ndowa momwemo pamodzi ndi kapampu ka mpweya ka USB, isaume, chifukwa m'menemo ndi momwe mumakhala mabakiteriya osintha ammonia wa m'chimbudzi cha nsomba kukhala nitrite kenako nitrate. Akafa amenewo thanki yayambiranso pa ziro. Dzulo lake la ulendo sindiipatsa chakudya. Zonsezi ndi mphindi 20 basi, ndipo ndi njira yomweyi tinadutsa A82 m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond ku Scotland, msewu wa makona okhaokha, osataya ngakhale kapu imodzi.

Chomwe chinandiphunzitsa ulemu ndi kuzizira. Betta imafuna madzi a pakati pa 24 ndi 28 digiri, ndipo malita 25 ndi madzi ochepa, sachedwa kutsatira mpweya wa m'galimoto. Motorhome si nyumba abale, ndi chitini. Tikakhala pa campsite polumikiza magetsi a 230V palibe vuto, hita ya 25W imagwira ntchito yake ife tili mtulo. Nkhani imavuta tikagona poti palibe waya. Hita imeneyi ikayaka usiku wonse, tinene maola 10, ndi 250Wh, pa batire ya 12V zimenezo ndi ma amp hour (Ah) opitirira 20, osawerengera omwe invata, kachipangizo kosintha magetsi a batire kukhala 230V, imadya payokha. Batire yathu ndi ya 100Ah ya lead acid, yomwe sufunika kuitsitsa kupyola theka, ndipo yomweyo ndi yoyendetsa magetsi ounikira, pampu ya madzi, fani ya hita ya m'galimoto ndi kutchaja mafoni. Sola ya padenga nthawi ya chilimwe inkatipulumutsa, koma mu December ku Fort William, ku Scotland, dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo limene latulukalo ndi la dzina chabe.

Ndiye usiku wina invata inazima yokha batire itatsika, ine osamva kulira kwake, m'mawa ndikuyang'ana themomita ikuti 16. Chambo ali phee pansi, zipsepse atazipinda, mtundu utazilala. Ndinafuna kuthira madzi otentha a mu ketulo koma madamu anandigwira dzanja, ndipo anachita bwino poti kukweza mwadzidzidzi nako kumapha. Tinaika mabotolo a madzi ofunda m'mbali mwa thanki, kuifunditsa bulangete, n'kumakweza pang'onopang'ono tsiku lonse. Patatha masiku angapo inatuluka timadontho toyera ngati mchere thupi lonse, matenda aja amati white spot, omwe amakonda nsomba ikafooka. Mankhwala a ku shopu anathandiza, sabata ziwiri inachira, koma nkhono yathu ya nerite ndinaisamutsira m'botolo kaye chifukwa mankhwala ena a matendawa amakhala ndi copper amene amapha nkhono. Kuyambira pamenepo thanki ndinaimata zotchingira kuzizira mbali zitatu ndi pansi, usiku imafunda, ndipo kuyambira November mpaka March sitigonanso kopanda waya. Kunena mosabisa, kansomba ka mapaundi ochepa ndi kamene kakusankha kogona anthu awiri akuluakulu. Ndalama ya campsite tikaiwerengera imandipweteka.

Kutentha nako kulipo. Mu July tinasiya galimoto padzuwa mawindo otseka, pobwera madzi ali pa 31. Pano ndimapaka pamthunzi, makatani otseka, kawindo ka padenga kotsegula.

China chomwe sindinachiganizire n'komwe ndi madzi enieniwo. Ndimaona ngati madzi a pampopi ndi amodzimodzi dziko lonse. Ayi ndithu. Ku Kent amachokera m'nthaka ya choko, ndi olimba, ketulo imachita zoyera mkati, mbuna zikanasangalala nawo poti kunyanja kwathu pH, muyeso wa asidi m'madzi, imakhala cha m'ma 8. Ku mapiri a Scotland ndi ofewa kwambiri. Betta imapirira onse awiri, chomwe sipirira ndi kusinthiratu tsiku limodzi. Ndiye tikamasamuka ndimanyamula chigubu cha malita 10 cha madzi akale, n'kumasakaniza ndi atsopano kwa sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo sabata iliyonse ndimasintha malita 5 kapena 6 okha. Mankhwala ochotsa chlorine sindidumpha ngakhale kamodzi, madera ena amaika chloramine yemwe sachoka ngakhale madzi mutawagoneka usiku wonse. Madzi a mu thanki ya galimoto sindigwiritsa, timaitsuka ndi mankhwala, ndimatunga pampopi mwachindunji.

Tizinthu tina ting'onoting'ono: mankhwala opopera tizilombo ndi oletsedwa m'nyumba muno, ngakhale nthawi ya tizilombo toluma ta ku Scotland tija amati midges, chifukwa malo ndi ochepa ndipo kapampu kamakoka mpweya womwewo kulowetsa m'madzi. Perefyumu madamu amakapopera panja. Thanki imawonjezeranso chinyontho, mawindo amadzuka akulira misozi, nkhungu inayamba kuseri kwa kabati mpaka ndinagula chivundikiro chothina. Ndipo galimoto ikaima mopendekeka, thanki ndi imene imayamba kukuuzani, moti pano ndi imene ndimayang'ana poika zokwezera matayala.

Kodi ndingagulenso? Thanki yomweyi eya, acrylic yakandikakandika koma sinang'aluke, galasi sindikanalikhulupirira pa mahampu. Fyuluta ya siponji ndi kapampu ka USB ndi zotchipa ndipo sizinandikhumudwitsepo. Chomwe ndikanasintha ndi kuyamba ndi batire ya lithium ndisanagule nsomba. Ngati mumasamuka masiku awiri alionse kapena mumakonda kugona kutchire nthawi yozizira, zisiyeni, muzunza nyama. Ife timakhala malo amodzi mwezi kapena iwiri, n'chifukwa chake zikutheka. Madamu omwe ankati ndi misala ndi amene pano amadzuka usiku kukawunika themomita ndi tochi ya foni, ndipo akayandikira Chambo amabwera kutsogolo kwa thanki, ine akandiona amangotembenuka. Mwezi wa mawa tikubwerera ku Kent, chigubu cha madzi a ku Scotland ndatsuka kale.