Buku la mbiri ya Stu Ungar: nkhani yake ndi yogwira mtima, koma ananditumizira long'ambika

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za bukuli, wogulitsa uja alibepo yake. K18,000 kuphatikizapo ya basi pa buku la kaunjika ndi ndalama ndithu, koma ndinalipira osanyinyirika chifukwa ndinali nditalisaka kwa nthawi yaitali. Ndisanatumize ndalamayo ndinamufunsa kawiri konse ngati masamba onse alimo. Anati, "Akulu, lili ngati latsopano," n'kunditumizira chithunzi cha chikuto chokha.

Linafika litakulungidwa bwino m'jumbo, pamenepo palibe dandaulo. Masiku awiri oyamba sindinaliike pansi. Ungar anabadwira ku New York mu 1953, bambo ake anali ndi bala momwe anthu ankatchoveramo juga, ndiye mwanayo anakulira pa makadi. Gin rummy ankaidziwa moti anthu anafika pokana kusewera naye, poti aliyense wokhala naye patebulo ankachokapo m'thumba muli mbee. N'chifukwa chake anatembenukira ku poker ku Las Vegas. Mu 1980 anagonjetsa katswiri mnzake Doyle Brunson pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker n'kutenga $365,000, chaka chotsatira n'kupambananso. Kenako kokeni, kubetcha pa mahatchi ndi pa masewera zinamudyera zonse zimene ankapata pa makadi.

Usiku wachitatu magetsi anali atathima, ndikuwerenga ndi tochi ya pafoni. Ndafika pa nkhani ya mu 1997, gawo limene ndinagulira bukuli. Ungar alibe ngakhale khobidi, thupi latha, anthu amusiya kale kuti uyu wapita. Mnzake wa juga Billy Baxter wamulipirira $10,000 yolowera mpikisano uja wa World Series of Poker nthawi yolembetsa itatsala pang'ono kutha. Mtima uli m'mwamba ndikutembenuza tsamba, ndikupeza chiganizo chayambira pakati, nkhani ili kwina. Ndinaunika pamsoko wa bukulo, ndinaona timapepala totsalira ngati mano a sowo, pamwamba pake atamatapo tepi kuti lisaoneke kuti lachepa. Nditayang'ana manambala ndinapeza kuti masamba oposa 20 palibe. Tepi imeneyo ndi imene inandiwawa kwambiri, chifukwa wina anaona kuti buku lang'ambika, n'kukhala pansi kulibisa.

Ndinamulembera nthawi yomweyo. Uthenga anauwerenga, anakhala chete masiku awiri. Atayankha anangoti, "Mabuku a kaunjika amakhala choncho akulu." Ndinamuuza kuti achimwene, malaya a kaunjika akang'ambika munthu amaona asanagule, inu munandionetsa chikuto chokha dala. Sanayankhenso.

Zimene zinali m'masamba osowawo ndinachita kukazionera pa YouTube, bandulo n'kuthera pomwepo. Tebulo lomaliza analiika panja mumsewu wa Fremont, dzuwa likuswa mtengo. Ungar wavala magalasi ozungulira a buluu, akuti pofuna kubisa mphuno imene kokeni anaiwononga, chithunzi cha mwana wake wamkazi ali nacho pomwepo. Atatsala awiri ndi John Strzemp, iye anali ndi A ndi 4, mnzake A ndi 8. Khadi lomaliza linagwa 2, n'kumulumikizira Ungar mzere wopambana wa makadi otsatizana, A mpaka 5. Anatenga $1,000,000 n'kugawana pakati ndi Baxter. Ndinasangalala kuziona, koma ine ndinalipira kuti ndiziwerenge.

Ndinabwerera ku bukulo ndidakali ndi mkwiyo, koma chigawo chomaliza, chomwe mwamwayi chinalipo chonse, chinandikhazika pansi. Ndalama ija inatha m'miyezi yowerengeka. Pa 22 November 1998 anamupeza atafa m'chipinda cha motelo yotchipa yotchedwa Oasis ku Las Vegas, ali ndi zaka 45, ndi ndalama pafupifupi $800 basi. Maliro ake anzake a juga anachita kusonkherana. Olemba sanamukometsere, komanso sanamunyoze, ndipo ndinatseka bukulo misozi ili m'maso. Ndili ndi mng'ono wanga amene malipiro ake amathera pa kubetcha mpira, ndipo nthawi zonse amati vuto n'loti sanawadziwe bwino matimu. Ungar makadi ankawadziwa kuposa wina aliyense wa nthawi yake. Bukuli ndamupatsa mng'ono wangayo, long'ambika lomwelo, ndipo akuliwerenga.

Wogulitsa uja anabweza K5,000 nditamuuza kuti ndilemba pano. Anapepesa, akuti naye analigula mulu osalitsegula. Mwina n'zoona, ngakhale za tepi ija sanafotokoze. Mabuku ali nawo osowa, ndipo kutumiza sachedwa. Ngati mukugula kwa iye, muuzeni ajambule vidiyo akutembenuza masamba kuyambira koyamba mpaka kumapeto musanatumize ndalama.