Chaka ndi miyezi iwiri ndili ndi ka J-3 Cub, mabuleki okha ndiye andisaukitsa

Mnzanga wandifunsa dzulo kuti kodi agule kandege kakale ngati kanga, ndiye ndati ndingolemba zonse, poti bilu ya amakaniko nayo yangofika kumene ndipo mtima sunakhale pansi.

Kanga ndi Piper J-3 Cub ka 1946. Injini ya Continental A-65 sinandivutepo, imalira bwinobwino. Nsalu ya mapiko ilinso bho. Apo palibe nkhani.

Nkhani ili ku mawilo. Mabuleki ake ndi aja a expander tube, mkati mwa dramu (chitsulo chozungulira cha m'wilo) muli kachubu ka labala, ukaponda ndi chidendene (eya, pa Cub timaponda ndi chidendene) mafuta amalowa m'chubumo, chimafufuma n'kukankhira timabuloko ku dramu. Nzeru yabwino ndithu koma labala amakalamba. Mwezi wachinayi ndinaona kadontho kofiira pansi pa wilo lakumanzere, mafuta a mabuleki aja otchedwa 5606, ndinangopukuta n'kumadzinamiza kuti ndi zazing'ono. Patatha sabata ziwiri ndikutera, ndaponda mabuleki onse awiri, lakumanja lagwira lakumanzere zii, ndege n'kuyamba kukhotera kumanja mchira ukufuna kubwera kutsogolo. Amene amayendetsa ndege za wilo la kumchira akudziwa thukuta lake. Ndinaiwongola ndi rudder (chiwongolero cha kumchira) koma miyendo inkanjenjemera mpaka mu hangala, mosungira ndege.

Kusaka chubu ndiye kunandidyera miyezi. Uku akuti zatha, uku akuti dikirani, kenako ndinapeza munthu pa intaneti akugulitsa ziwiri, akuti zatsopano sizinamangidwepo, zangokhala m'bokosi. Zithunzi zokongola. Zitafika amakaniko anga anangopinda imodzi ndi zala n'kundiwonetsa timing'alu ngati pa chidendene cha m'chilimwe, amvekere "bwana, ichi n'chatsopano cha zaka makumi angati?" Ine kuumirira kuti timange yooneka bwinoyo. Inagwira masabata asanu, kenako kadontho kofiira kaja kanabweranso, ndipo ulendo uno mafuta ananyowetsa ndi mabuloko omwe, ndiye nawonso ofunika ena.

Wogulitsa uja poyamba ankayankha msanga kwambiri. Nditatumiza zithunzi za ming'alu anati katundu akamangidwa sabwezedwa. Ndinati nanga inayo yosamangidwayi? Mpaka lero duu.

Chinanso chimene palibe anandiuza, ma master cylinder a Scott aja (timapampu tokankha mafuta ukaponda buleki) alibe potulukira mpweya, ndiye kukazizira buleki imalowa pansi osagwira, kukatentha imakhala ngati ikudzigwira yokha. Umangokhalira kuwonjeza ndi kuchepetsa mafuta.

Pano ndagonja, ndaitanitsa kiti ya mabuleki a disc ya kampani ya Grove yomwe ili ndi STC yake (chikalata chovomereza kusintha kotere pa ndege), kuti amakaniko asaine mu logbook (buku la mbiri ya ndege) popanda mutu kuwawa. Zimandipweteka pang'ono chifukwa ndinkafuna ikhale momwe inatulukira kufakitale, ndipo ndikawerengera machubu, mabuloko, kutumiza ndi maola a amakaniko kawiri konse, ndalama imeneyo ikanalipira kale mbali yaikulu ya kitiyo.

Tsiku loti kunja kuli bata, chitseko chotsegula, ndikuuluka pang'onopang'ono, ndimati sindingaigulitse zivute zitani. Tsiku la bilu ngati lero ndimaganiza zina. Mnzangayo ndamuuza kuti asanapereke ndalama agwade kaye ayang'ane kuseli kwa mawilo, akapeza ma dramu amuuze mwini wake achotsere mtengo wa kiti. Chubu chinacho chikadali m'bokosi lake pa shelefu, mwina wogulitsa uja adzayankha.