Mavoti ochuluka chabe kapena 50+1?

Kale ku Malawi, wopeza mavoti ambiri kuposa anzake ndiye ankakhala pulezidenti. Njirayi ndi yotchipa: anthu amavota kamodzi, nkhani yatha. Koma mu 2014 a Peter Mutharika adalowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 aliwonse. Ambiri sadawasankhe.

Chiyambire chigamulo cha khoti cha mu 2020, wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti onse; imeneyi ndiye 50+1. Izi zimakakamiza zipani kugwirizana, monga idachitira Tonse Alliance, ngakhale maukwati oterewa sachedwa kusweka. Vuto ndi ndalama: ngati palibe wopitirira theka, anthu amavotanso, ndipo chisankho chachibwereza chimadya mabiliyoni m'dziko lomwe zipatala zikusowa mankhwala. Ine ndimakondabe 50+1, chifukwa wandale sangadalire kwawo kokha. Ayenera kukagwada ku Mzimba ndi ku Thyolo komwe.