Shelefu ya mabawuti: ndaimasula katatu, nazi zimene ndaona

Shelefu iyi ndakhala nayo zaka zinayi, ndipo ndaimasula n'kuimanganso katatu posamuka. Inabwera m'makatoni awiri: matabwa a chipboard (utuchi woumbidwa ndi guluu) okhuthala mamilimita 18, kathumba ka mabawuti a M6 (okhuthala mamilimita 6), ndi ka Allen key, kachitsulo kopindika komangira mabawutiwo, kamene kananditupitsa chala usiku woyamba womwewo.

Pamene opangawo anagwira ntchito ndi m'makona. Bawuti imalowa cham'mbali n'kukakumana ndi nati yooneka ngati kamgolo, yomwe imakhala m'bowo lopingasa mkati mwa thabwa. Chitsulo chimagwira chitsulo chinzake, osati utuchi, ndiye mpaka lero pamenepa sipagwedera. Kungoti natiyo imafuna kuleza mtima. Bowo lake liyenera kuyang'anizana ndi bawuti, ndipo mumaitembenuza pang'onopang'ono mpaka zitagwirana. Tsiku loyamba nati imodzi inandidyera theka la ola, ndikungoyankhula ndekha.

Mashelefu awiri apakati ndiye andikhumudwitsa. Amagwidwa ndi cam lock (kachitsulo kozungulira kamene mukakatembenuza kamakoka kachitsulo kena kozikika m'thabwa linalo) ndi tizikhomo tamtengo ta mamilimita 8. Poyamba zimakoka bwinobwino, koma kachitsulo kamene cam imakokako kamangozikika mu chipboard momwemo. Posamuka kachiwiri bowo limodzi linayoyoka, kachitsuloko n'kutuluka ndi utuchi wake. Ndinatsekamo timitengo ta machesi ndi guluu, kenako n'kukamanganso. Kagwira, koma sindikakhulupirira. Tizikhomoto musatipake guluu ngati mukudziwa kuti mudzasamukanso.

Timabowo ta mamilimita 5 totalikirana mamilimita 32, tolowetsamo tizikhomo tokhazikapo mashelefu, ndimatikonda, chifukwa mashelefu enawo ndimawakweza kapena kuwatsitsa mmene ndafunira. Koma thabwa la masentimita 90 si la mabuku. Langa linayamba kupindika pakati chaka chisanathe. Ndinalitembenuza n'kuika kathabwa kochirikiza pakati.

Kulakwa kwanga kunali pa chithabwa chopyapyala chakumbuyo, cha mamilimita 3. Ndinkachiyesa chokongoletsera chabe, ndipo ndinachisiya. Mawa lake shelefu yonse inali itapendekeka ngati yaledzera. Ndi chimenechi chimene chimaletsa kuti isapendame. Yezani kuchokera pa kona yapamwamba kufika pa kona yapansi ya mbali inayo, mbali zonse ziwiri, ndipo miyeso ikafanana ndiye mukhome misomali.

Ndingaigulenso? Inde, chifukwa cha mabawutiwo. Kachitsulo komangirira kukhoma nakonso ndinakaika mwana atayamba kukwera shelefu yapansi.