Mowa wapamjigo: zomwe ndaona m'ma pub a ku Herefordshire

Achimwene anga a ku Ndirande anandifunsa pafoni sabata yatha kuti, "Kodi kumeneko mumamwa chiyani, Green iliko?" Ndinangoseka n'kuwauza kuti ndidzalemba, chifukwa yankho lake silikwana pa mayunitsi.

Ndimakhala ku Hereford, mzinda waung'ono kufupi ndi malire a England ndi Wales, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Chaka changa choyamba chinali cha kuntchito ndi kunyumba basi. Nyengo yozizira kuno kumayamba kuda cha m'ma 4 koloko, ndiye ndinkangogula zitini kushopu n'kumamwera kuchipinda ndekhandekha ngati mfiti. Amene anandichotsa m'chipindamo ndi mdala wina woyendetsa galimoto kuntchito kwathu, mzungu wandevu zaimvi. Tsiku lina ataona chitini m'chikwama changa anapukusa mutu n'kunena kuti Loweruka akandimwetsa mowa weniweni.

Tinalowa mu pub ina yakale, denga lake lotsika moti ndinachita kuwerama. Ine ndinakakhala pampando kudikira woperekera, mdala uja n'kundikodola kuti kuno munthu umapita wekha pakauntala, kulipira pompo. Pakauntalapo panali zogwirira zazitali zingapo. Mayi wogulitsa anagwira chimodzi n'kuyamba kukoka, kubweza, kukokanso, ndendende mtsikana pamjigo. Mowa uja umachokera m'chipinda chapansi pomwe pali migolo, ndipo umakwera ndi mphamvu ya mkono wa mayiyo.

Nditalawa ndinakhumudwa, ndisaname. Sunali wozizira ngati wa mufiriji, unalibe kuthetheka kuja kobaya pakhosi, ndipo ndinaganiza kuti atigulitsa wogona. Mdala anandiyang'ana n'kuti ndimwe pang'onopang'ono. Pofika pakati pa tambula ndinayamba kumva zina: kafungo ka chimera chokazinga, kutsekemera pang'ono, kenako kuwawa kumapeto kwa lilime.

Umenewu ndi umene amautcha real ale. Kusiyana kwake ndi wam'botolo n'koti sauphika kachiwiri pofuna kupha yisiti, ndipo sauthira mpweya wapafakitale. Umachoka kofulula ukadali wamoyo, umakamalizira kupsa mumgolo momwemo pansi pa pub, pamalo ozizira madigiri 11 mpaka 13. Mgolo wodziwika kwambiri umatchedwa firkin, umalowa ma pint 72, ndipo pint imodzi ndi mamililita 568. Akangoutsegula uyenera kutha m'masiku atatu kapena kupitirira pang'ono, apo ayi umasanduka viniga. Mdala akufotokoza zonsezi monyadira, ine ndinayamba kuseka. Ndinamuuza kuti akunena Chibuku. Paketi ya Chibuku imakhala ndi kabowo pamwamba chifukwa mowa umapitiriza kuwira mkatimo, wa lero ndi wa mkuja sufanana kukoma. Agogo anga aakazi ankadziwa tsiku lomwe masese afika pake pongoika khutu pambiya. Kwathu timati umenewo ndi mowa wa anthu osauka, ukangopeza kantchito umathamangira botolo. Kuno anthu ophunzira amayenda mitunda ndi timabuku m'manja kusakasaka mowa wamoyo.

Ali ndi bungwe lawo, CAMRA, lomwe amuna anayi anayambitsa mu 1971 ataona kuti makampani akuluakulu akuthetsa mowa wamumgolo n'kudzaza ma pub ndi mowa wosefa wothira mpweya. Chaka chilichonse bungweli limatulutsa buku la Good Beer Guide lolemba ma pub osunga bwino mowa, ndipo la mdala wangayu ndi lakuda ndi thukuta la zala. Tinayamba kuyenda nalo Loweruka lililonse lomwe sindili pashifiti. Ku The Barrels, mumzinda momwemo, ndi komwe ndinapeza womwe ndimaukonda, Butty Bach wa kampani ya Wye Valley, wamphamvu 4.5 peresenti. Dzinalo ndi la ku Wales, limatanthauza kamnzanga.

Chinthu chimodzi chimene ndimachikonda: ukafika pa mowa wosaudziwa umapempha kulawa, amakuthirira pang'ono m'katambula osalipira, ndipo palibe amene amakuona ngati wopemphetsa. Ungathenso kugula theka la pint. Za raundi zilinso kuno, koma kuno zimabwezedwa. Wakugulira lero usanachoke umugulire, osati kumangoti "bwana, tiwoneniko" mpaka usiku. Belu likalira ndiye kuti gulani womaliza.

Komatu dera lino mbiri yake si mowa wa chimera, ndi cider. Inu mumadziwa Hunter's ndi Savanna za ku South Africa, zotsekemera, zomwe anyamata kwathu amati n'za amayi. Ya kuno yapafamu ndi nkhani ina. Ukatuluka mumzinda umaona minda ya maapozi mbali zonse, ambiri osadyeka, owawa, okhala ndi mayina ngati Dabinett, Kingston Black ndi Foxwhelp. Amawaphwanya, kufinya madzi, n'kuwasiya awire okha miyezi yonse yozizira. Chotuluka chimakhala chachimbuuzi, chopanda thovu, chomanga pakamwa ngati nthochi yosapsa. Kampani ya Bulmers, yopanga Strongbow, inayambira mu Hereford momuno mu 1887, ndipo ya Westons ili kumudzi wa Much Marcle kuyambira 1880. Old Rosie wawo amatsika ngati juwisi, koma ukaimirira ndi pomwe umadziwa kuti wamwa. Kumyuziyamu ya cider mumzindamu ndinamva kuti kale antchito a m'mafamu ankalandira gawo la malipiro awo mu cider, mpaka lamulo la 1887 linaletsa. Ndinakumbuka dima, kulima munda wa munthu tsiku lonse malipiro ake mbiya ya mowa.

Tsopano perry. Mdala atandiuza kuti amapangidwa ndi "pears", ndinatsala pang'ono kusanza, poti mutu wanga unathamangira ku mapeyala athu aja odyera buledi. Ayi, ichi ndi chipatso china, chachibale ndi apozi, ndipo cha perry ndi chaching'ono, cholimba, choti ukaluma umalavula. Mitengo yake ndi ikuluikulu ngati mibawa, imachedwa kubereka ndipo ina imakhala zaka 200 kapena 300. Anthu akuno amati wodzala mtengowu amadzalira zidzukulu. Umakula bwino m'madera atatu oyandikana, Herefordshire, Gloucestershire ndi Worcestershire, ndipo akuluakulu amati perry wabwino amachokera pomwe phiri la May Hill likuonekera. Mayina a mitundu yake amachita kunena okha zomwe zidzakuchitikire: wina ndi Merrylegs, miyendo yosangalala, wina Mumblehead, mutu wobwebweta.

Pa zakumwa zonse zakuno, perry ndiye wandigwira mtima. Ndi wofewa, wonunkhira ngati maluwa, sakhala ndi ukali wa cider. Ndiye tsiku lina pa pub ina yakumudzi ndinamwa ma pint atatu, mdala akundiyang'ana ndi kamseko kosanena kanthu. Chomwe sanandiuze n'choti m'zipatsozi muli mtundu wa shuga wotchedwa sorbitol womwe yisiti satha kuudya. Ndi umene umachititsa perry kutsekemera, komanso ndi umene umatsegula m'mimba. Basi yobwerera kumzinda inali ya mphindi 40. Zomwe ndinapemphera m'basi imeneyo sindinapempherepo kutchalitchi. Chiyambire tsiku limenelo ndimamwa theka, mwina awiri.

Mu Januwale mdala uja anandiperekeza ku mwambo wotchedwa wassail. Usiku, kukuzizira koopsa, mudzi wonse unalowa m'munda wa maapozi ndi miuni. Anasankha mtengo waukulu, kuthira cider patsinde, kupachika buledi wonyowetsa mu cider panthambi, kuimba, kenako kumenya mapoto kuti mizimu yoipa ithawe ndipo mitengo idzabereke. Ndinaima pamenepo manja m'thumba kuganiza za agogo, omwe anadzudzulidwa kumpingo chifukwa chothira ufa ndi mowa patsinde pa mtengo chaka cha chilala. Ndinamuuza mdala kuti kwathu zimenezi timati kuthira nsembe. Iye anati ayi, ndi kusangalala chabe. Ndinati chabwino.

Achimwene, Carlsberg iliko, m'shopu iliyonse, ndipo ndikawauza anthu akuno kuti fakitale yake yoyamba kunja kwa Denmark inamangidwa ku Blantyre mu 1968 amadabwa. Koma mdala wangayu sizimusangalatsa zimenezo. Iye mtima uli pa Chibuku. Wandikakamiza kuti ndikapita kutchuthi ndidzamubweretsere paketi imodzi, ndipo ndalephera kumumvetsetsa zomwe paketi imeneyo ingachite musutikesi, pakati pa zitenje ndi usipa, maola onse aja a m'ndege.