Magiya khumi anandipusitsa ku Cape Town

Kwathu ku Ntcheu njinga ikawonongeka timapita nayo kwa amakaniko a pansi pa mtengo wa mango. Amachotsa fuliwilo ya Hero n'kuika ya njinga ina, tcheni n'kuchidula ndi msomali ndi hamala, basi mwakwera. Nzeru zimenezo ndi zomwe ndinabwera nazo kuno ku Cape Town, ndipo zandidyera ndalama.

Abwana amene ndimawasamalira maluwa ku Hout Bay anandipatsa njinga yawo yakale ya mpikisano, ija ya matayala owonda ngati chala ndi handulo yopindikira pansi. Zipangizo zake ndi za Shimano 105, za magiya khumi kumbuyo. Ndinkapita nayo kuntchito, Lamlungu n'kumakakwera Suikerbossie ndi Chapman's Peak, mitunda yomwe amadutsamo anthu a mpikisano wa Cape Town Cycle Tour wa makilomita 109 m'mwezi wa Malichi. Tsiku lina chimphepo cha kuno chinaigwetsa pomwe ndinaitsamiritsa, ine osayang'ana n'komwe. Nditangopalasa pang'ono, kachitsulo kakumbuyo kosuntha tcheni, komwe amati derailleur, kanalowa m'masipoko n'kuthyoka.

Ndinapeza ina pa Facebook, ya Tiagra, yonyezimira ngati yatsopano. Wogulitsayo anati ndi ya magiya khumi. Mumtima ndinati khumi ndi khumi, dzina n'la kampani imodzi, chingavute n'chiyani? Ndinaimanga ndekha usiku womwewo, foni ili kukamwa ndikuunikira. Giya yoyamba inalowa bwinobwino, yachiwiri mokakamiza. Pofika pakati tcheni chinkangolira kuti tche tche tche, osafika pa mano ake. Ndikakonza za kumunsi, za kumtunda zinkasokonekera. Ndinapotokola kasikuluwu ka kebulo mpaka zala kutupa.

Loweruka ndinaikankha kupita ku shopu ina komwe kumagwira ntchito mkulu wina wa ku Nkhata Bay. Sanaipalase n'komwe. Anagwada, n'kupukuta kuseri kwa derailleur ndi kansanza, n'kundiitana.

"Achimwene, tawerengani apa."

Panalembedwa RD-4700. Kenako anafunyulula labala wa pa handulo, pomwe panali ST-5700, nambala ya chosinthira magiya.

"Awiriwa sadyera mbale imodzi," anatero akuseka.

Nkhani yake ili motere. Mukadina chosinthira magiya pa handulo, chimakoka kebulo pang'ono, ndipo derailleur imasuntha tcheni molingana ndi kakokedwe kameneko. Zipangizo zakale za magiya khumi, monga 105 ya 5700, Ultegra ya 6700 ndi Tiagra ya 4600, zimamvana. Koma Tiagra ya 4700, yomwe inatuluka mu 2015, anaipanga kuti izitsatira kakokedwe ka zipangizo za magiya 11, ngakhale yokha ili ndi khumi. Ndiye chosinthira changa chakale chikakoka, derailleur yatsopanoyo inkayenda moperewera, ndipo kuperewerako kunkawonjezekera giya iliyonse. Palibe sikuluwu imene ikanakonza zimenezo.

Chomwe chinandiseketsa, mkuluyo anapisa m'katoni ya zakutha n'kutulutsa derailleur ya Sora, ya Shimano yomweyo koma ya magiya 9, yokalikakalika. Anaimanga, n'kuwongola kachitsulo komwe imakoloweka, ndipo magiya onse khumi analowa mwakachetechete. Akuti ngakhale derailleur yakale ya njinga za m'mapiri ya magiya 9 ikanagwira. Ya 9 kuvomera, ya khumi kukana!

Poti ndinali kale ndi Tiagra ija, ndinafunsa ngati sindingangokwezeratu njinga yonse kufika pa magiya 11, monga 105 ya R7000 yomwe inabwera mu 2018. Mkuluyo anapukusa mutu n'kuloza wilo la kumbuyo. Pomwe pamalowa mano a magiya 11 pamafunika kutalikirapo ndi mamilimita 1.85, kantunda kochepa kuposa njere ya mpunga, koma wilo langa lilibe. Njira yozembera ilipo: mano a Shimano a magiya 11 otchedwa 11-34 (giya yaing'ono ili ndi mano 11, yaikulu 34) amalowa pa wilo lakale, chifukwa giya yaikuluyo anaipanga mokhotera ku masipoko. Koma zimenezo zimafuna derailleur yamwendo wautali, kuphatikizapo zosinthira zatsopano, derailleur yakutsogolo ndi tcheni chowonderapo. Titawerengera, ndalama zake zinali zoti kwathu mungagule nazo feteleza wa munda wonse. Ndinangothokoza n'kulipira ya Sora ija.

Za tcheni anandiuza mwachidule kuti cha magiya 11 chimayenda bwino pa khumi, koma cha khumi pa 11 chimakhula mano oyandikana.

Mwezi wathawu mphwanga wa ku Lilongwe anagula njinga yotereyi pa kaunjika wa njinga zochokera kunja. Wandilembera kuti ndimutumizire derailleur kudzera kwa anyamata onyamula katundu a ku Joni, akuti "ya magiya khumi, achimwene, iliyonse." Ndinamuuza kuti ayambe wapukuta girisi, ajambule nambala ya kuseri kwa derailleur ndi ya pansi pa labala wa handulo, anditumizire pa WhatsApp. Ya pa handuloyo ikakhala 4700, ya Tiagra ija ili m'sutikesi mwanga ikumudikira.

Dzulo watumiza chithunzi cha njinga yonse, iye ataima pambali atavala magalasi akuda.